Turbo kapena botolo la nitrous: galimoto ya geni ikamalephera zitunda za Dowa ndi Ntchisi

Aliyense woyenda pamsewu wa M14 kuchokera ku Salima kulowera ku Lilongwe anazionapo izi. Galimoto ikangosiya chigwa cha kunyanja n'kuyamba kukwera mapiri a ku Mvera, liwiro lonse limathera pomwepo. Probox yomwe imauluka pamtunda wosalala imayamba kubuula, kumbuyo kutakhala pansi ndi matumba a mpunga ndi usipa, dalaivala ali pa giya wani, thukuta lili kamukamu. Pena mnyamata wothandiza amatsika n'kumalondola pambuyo atanyamula mwala woti atchingire tayala injini ikazima. Zomwezi zimaoneka pamsewu wa Mponela kupita ku Ntchisi, komanso m'misewu yafumbi yolowera kumidzi ya kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi, komwe amalonda amakapikula soya, mtedza ndi nyemba nyengo yokolola.

Pamalo otere ndi pomwe pamayambira nkhani yofuna kuonjezera mphamvu za injini. M'magalaja ndi m'masiteji mumamveka mayina awiri: turbo ndi nitrous, yomwe achinyamata amangoti NOS. Dzina lachiwirili lidatchuka ndi filimu ya The Fast and the Furious ya mu 2001 ndi zinzake zotsatira, zomwe zakhala zikuonetsedwa m'mavidiyo sho a m'misika. M'filimumo munthu amangodina kabatani, galimoto n'kuchoka ngati mwala wa legeni. Kwa mnyamata yemwe wakhala theka la ola akukwawa pachitunda, tomato akupsa ndi dzuwa kumbuyo, kabatani kameneko kamaoneka ngati yankho.

Koma kwa wamalonda galimoto si chidole cha mpikisano. Nthawi zambiri ndi mpamba wonse wa banja, wogulidwa ndi ndalama za fodya za zaka zingapo kapena ngongole ya ku banki mkhonde yomwe sinathe kubwezedwa. Injini ikanoka, geni imaima, ndipo ngongole siyembekeza kuti galimoto ichoke kugalaja. Ndiye funso loti pakati pa ziwirizi choyenera n'chiti liyenera kuyankhidwa ndi masamu, osati ndi filimu.

Chomwe chimafooketsa galimoto kumapiri

Injini ya petulo siyendera mafuta okha. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino, pamafunika mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 15. Kuthira mafuta ambiri n'kosavuta, koma ngati mpweya wolowa ndi wochepa, mafuta oonjezerawo amangotuluka ngati utsi. Choncho mphamvu za injini zimalekezera pa kuchuluka kwa mpweya womwe ingakoke.

Apa ndi pomwe Dowa ndi Ntchisi zimasiyanira ndi Salima kapena Nkhotakota. Madera a m'mphepete mwa nyanja ali pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe madera ambiri a mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi okwera kuposa mamita 1,200. Munthu akamakwera mtunda mpweya umanka nupepuka, ndipo akatswiri a injini amawerengera kuti injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu zake pa mamita 300 alionse omwe yakwera. Injini ya 1NZ-FE ya 1,500cc, yomwe ili mu Probox ndi Sienta zambiri, idalembedwa kuti imatulutsa horsepower pafupifupi 109. Pamtunda wa Dowa, ngakhale itakhala yatsopano, imatsala ndi 96 kapena cha pamenepo. Ndipo palibe Probox ya geni yomwe ili yatsopano. Zambiri zimafika pa Songwe kuchokera ku doko la Dar es Salaam zitagwira kale ntchito zaka zambiri ku Japan.

Chachiwiri ndi katundu. Kumbuyo kwa galimoto zonyamula katundu zochokera ku Japan kumakhala kachizindikiro kolembedwa m'Chijapani, koma nambala yake aliyense atha kuiwerenga. Pa Probox pamalembedwa 400kg. Pa tigalimoto ta 660cc monga Suzuki Carry, Suzuki Every ndi Daihatsu Hijet pamalembedwa 350kg. M'chilankhulo cha pamsika, amenewo ndi matumba asanu ndi atatu a makilogalamu 50 pa Probox, ndi asanu ndi awiri pa Carry. Wamalonda akakweza matumba 15 a soya, ndiye kuti waika makilogalamu 750 pa galimoto yomwe payokha imalemera tani imodzi ndi pang'ono, osawerengera dalaivala, mwini katundu ndi awiri atatu a matola omwe akwera panjira. Galimoto yotere ikamalephera chitunda, sikuti injini yake ndi yaulesi. Ikugwira ntchito ya galimoto ziwiri ndi mpweya woperewera.

Turbo ndi nitrous zonse zimafuna kuthetsa vuto limodzi lomweli la mpweya, koma njira zake n'zosiyana kutalitali.

Nitrous: mphamvu za masekondi

Nitrous oxide ndi gasi yemwe adatulukiridwa ndi Joseph Priestley wa ku England mu 1772. Ndi yemwe uja madokotala, makamaka a mano, amagwiritsa ntchito pochepetsa ululu. Mumpweya womwe anthu amapuma, oxygen ndi magawo pafupifupi 23 pa 100 tikatengera kulemera, pomwe mu nitrous ndi magawo 36. Gasiyu akalowa mu injini n'kutentha, amamasula oxygen uja, ndipo ngati pathiridwanso petulo woonjezera, moto wa mu injini umakula nthawi yomweyo. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a ku Germany ankamugwiritsa ntchito m'ndege zawo kuti zikhale ndi mphamvu m'mwamba momwe mpweya ndi wopepuka. Choncho si bodza, nitrous amaonjezeradi mphamvu.

Vuto ndi nthawi. Botolo lomwe ochita mipikisano amakonda limalowa gasi wolemera makilogalamu anayi ndi theka, ndipo amalitsegula kwa masekondi 10 kapena 15 basi pa ulendo umodzi, phazi lili pansi penipeni. Akaphatikiza nthawi yonse yomwe botolo limagwira ntchito lisanathe, zimangokwana mphindi zowerengeka. Nitrous adapangira mpikisano wothamanga mamita 400 panjira yoongoka. Chitunda cha ku Mvera si cha masekondi 15. Galimoto yolemedwa imakwera kwa mphindi zambiri, ikangopuma pang'ono n'kuyambanso china, ndipo wamalonda amadutsa pamenepo kangapo pa sabata. Botolo likhoza kutha asanafike n'komwe pa Chezi.

Likatha, alidzadzitsa kuti? Palibe malo omwetsera mafuta omwe amagulitsa gasi ameneyu. Ndipo mkati mwa botolo lodzadza mphamvu ya gasi imafika pa 900 psi, pomwe tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa 30 kapena 35. Botolo likakhala padzuwa la mu Okutobala mphamvuyo imakwera. Chinthu chotere si choika pakati pa matumba ogundanagundana m'misewu yamabampu, ndiponso si chokapereka kwa wowotcherera wa pamsika kuti alumikize mapaipi ake.

Choopsa kwambiri n'chomwe chimachitika mkati mwa injini. Nitrous akalowa koma petulo woonjezera osakwanira, mwina chifukwa pampu yafooka kapena sefa ya mafuta yatsekeka, moto umatentha mopyola muyeso mpaka kusungunula pisitoni. Izi zimachitika m'masekondi ochepa, dalaivala asanamve n'komwe kuti china chalakwika. Komanso nitrous safuna kutsegulidwa injini ikuzungulira pang'onopang'ono itasenza katundu, zomwe ndi ndendende mmene galimoto ya geni imakhalira pachitunda. Pamfundo ya nitrous palibe zokambirana zambiri: kwa wonyamula katundu ndi ndalama yotaya, ndipo amene angalonjeze kuti amuikira botolo pagalimoto ya soya, wamalonda achenjere naye.

Turbo: yothandizadi, koma yochokera kufakitale

Nkhani ya turbo ndi ina, ndipo ndiyofunika kuimvetsa bwino chifukwa galimoto za turbo zikuchulukira pamsika wa galimoto zakale.

Turbo adaitulukira ndi injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, yemwe adalembetsa luso lakeli mu 1905. Kagwiridwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kachipupa kamodzi, ndipo kachipupako kamalumikizidwa pa mtengo umodzi ndi kena komwe kamakankhira mpweya wambiri mu injini. Utsi womwe ukanangotayika ndi womwe umagwira ntchito yopopa mpweya. Sifuna botolo, sikutha, ndipo imagwira ntchito nthawi yonse yomwe injini ikukoka. Kumapiri ndi komwe imaonetsa ubwino wake, chifukwa mpweya ukapepuka turbo imangozungulira kwambiri n'kubwezeretsa gawo lalikulu la mphamvu zomwe injini wamba imataya. N'chifukwa chake malole akuluakulu onyamula fodya kupita ku Kanengo, mabasi ndi ma Hilux a dizilo a masiku ano amakhala ndi turbo.

Mpaka apa turbo yapambana. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa galimoto yomwe idatuluka kufakitale ili ndi turbo, ndi galimoto yomwe munthu akufuna kuibayira turbo kugalaja.

Injini yopangidwira turbo imakhala ndi mapisitoni olimba, njira zapadera zoziziritsira, ndi kompyuta yomwe idaphunzitsidwa kuthira mafuta molingana ndi mpweya woonjezerawo. Injini ya 1NZ-FE idapangidwa ndi cholinga china: kupepuka ndi kusamwa mafuta. Imapanikiza mpweya kwambiri kale payokha, ka 10.5, ndipo zitsulo zolumikiza mapisitoni ake n'zopyapyala. Kuikapo turbo si kungomangirira chitsulo chimodzi. Pamafunika paipi yatsopano ya utsi, mapaipi otengera oyilo ku turbo ndi kumubweza, choziziritsira mpweya chomwe amati intercooler, ma injector okulirapo, nthawi zina pampu ya mafuta, kenaka kompyuta ina kapena katswiri woisintha yomwe ilipo. Gawo lomalizali ndi lomwe limapha injini zambiri. Makaniko waluso atha kuwotcherera mapaipi onse mooneka bwino, koma ngati kompyuta ikuthirabe mafuta a injini yakale pomwe mpweya wachuluka, zotsatira zake ndi zomwe zija za nitrous: moto wotentha mopyola, gasiketi kupsa, pisitoni kuboola.

Ndiye pali giyabokosi. Sienta zambiri, Passo zatsopanoko ndi Probox zopangidwa kuyambira 2014 zili ndi giyabokosi ya CVT, yomwe imayendera lamba wachitsulo m'malo mwa magiya a mano. Giyabokosi imeneyi imavutika kale ndi kutentha ikamakoka katundu wolemera pachitunda. Kuionjezera mphamvu zomwe sidapangidwire ndi kufupikitsa moyo wake, ndipo CVT ikafa kawirikawiri sakonza, amangogula ina. Ya manyuwo nayo imafuna klatchi yolimba.

Zipangizo zonsezi n'zoitanitsa kunja, zolipira m'ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi magawo 44 mu Novembala 2023, ndipo aliyense wogula sipeya adamva kuwawa kwake. Wamalonda akaphatikiza mtengo wa zipangizo, msonkho wa MRA, ntchito ya makaniko, ndi masiku omwe galimoto ikhale pagalaja osapanga ndalama, adzapeza kuti ndalamayo ikanakhala gawo lalikulu la kusinthira ku galimoto yokulirapo. Akamaliza zonsezo amakhala ndi galimoto yomwe makaniko wa pa Madisi kapena pa Malomo sangaidziwe mutu wake ikafa usiku, komanso yomwe wogula wanzeru adzaithawa tsiku logulitsa. Chomwe chimapangitsa Probox kukondedwa n'choti sipeya wake amapezeka paliponse ndipo makaniko aliyense adaitsegulapo. Kuibayira turbo ndi kutaya ubwino womwewo.

Pali tina tomwe timatsatsidwa pa Facebook ndi m'masitolo a pa intaneti, totchedwa "electric turbo", kapena tizitsulo topindika tolowetsa mupaipi ya mpweya ati kuti tiupote. Kafani koyendera batire ya galimoto sikangapope mpweya wofanana ndi turbo yeniyeni, yomwe imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi imodzi. Tambiri mwa timeneti timangotchinga njira ya mpweya, ndipo kachidutswa kakathothoka kamalowa mu injini.

Tigalimoto ta 660cc ta turbo

Mayeso enieni omwe wamalonda wa ku Dowa kapena Ntchisi amakumana nawo ali pogula. Pamasamba a makampani ogulitsa galimoto zakale monga Be Forward ndi SBT Japan pali tigalimoto tambiri ta 660cc, tina ta turbo tina topanda. Timakopa chifukwa mtengo wake ndi wotsika, ndipo popeza msonkho wolowetsera galimoto m'dziko muno umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, tating'onoti timaoneka kuti ndi njira yachidule.

Ku Japan tigalimoto timeneti timatchedwa kei. Malamulo a kumeneko adaika malire a injini pa 660cc kuyambira mu 1990, ndipo opanga galimoto adagwirizana kuti mphamvu zake zisapitirire horsepower 64. Suzuki Every ya turbo imafika pa 64 pomwepo, pomwe yopanda turbo imatsalira cha m'ma 49 kapena kupitirira pang'ono. Kusiyanaku kumamveka ndithu pachitunda, ndipo kumakula kumtunda kwa mpweya wopepuka. Munthu wogulitsa buledi, mazira, zovala za kaunjika kapena zakumwa zochepa, yemwe katundu wake safika makilogalamu 350 ndipo amayenda kwambiri patala, akhoza kupindula ndi ka turbo kameneka kuposa kopanda.

Koma turbo sisintha nambala ija ya kumbuyo. Ya turbo ndi yopanda turbo, zonse ndi za makilogalamu 350. Masipuling'i, mabuleki ndi matayala ang'onoang'ono aja ndi omwewo. Ndipo ka injini ka 660cc kakamapopedwa ndi turbo chitunda chonse, kamagwira ntchito pamapeto a mphamvu zake, kakutentha, komanso kakumwa mafuta kuposa mmene kabuku kamalonjezera. Turbo imapulumutsa mafuta pomwe phazi lili lopepuka. Phazi likakhala pansi, mpweya wambiri umafuna petulo wambiri. M'nyengo zomwe mafuta amasowa, anthu n'kumagona pamizere, mfundo imeneyi si yaing'ono.

Wopikula mbewu, yemwe malonda ake amawerengedwa m'matumba, ayenera kuyang'ana injini yokulirapo yopanda turbo kapena ya dizilo, osati kakang'ono kopopedwa. Pachitunda chofunika si liwiro la pamwamba koma chikoka cha injini ikamazungulira pang'onopang'ono, ndipo apa dizilo ya turbo ndiye mwini bwalo. Toyota idapangako Probox ya dizilo ya turbo ya 1,400cc pakati pa 2002 ndi 2007, yomwe horsepower yake inali yochepa poyerekeza ndi ya petulo ya 1,500cc koma chikoka chake chinali chachikulu. Masiku ano n'zosowa ndipo zakalamba. Kwa wa matumba 15 kapena 20 pa ulendo, galimoto yoyenera ndi ya gulu la Mazda Bongo kapena Toyota Town Ace ya thiraki, kapena kusonkherana ndi anzake n'kuchita hayala lole ya matani awiri kapena atatu tsiku la msika.

Amene ali kale ndi ya turbo

Moyo wa turbo uli mu oyilo. Mtengo wolumikiza tizipupa tija umayandama pa oyilo wopyapyala, ndipo mbali ina ya turbo imatenthedwa ndi utsi mpaka kufiira ikagwira ntchito yolemetsa. Oyilo wotchipa woyezera m'mabotolo a pamsika, kapena wabwino koma wokhalitsa, amapsa n'kusanduka makala omwe amatseka kapaipi kopita ku turbo. Injini wamba imapirira nkhanza zotere kwa kanthawi. Turbo sipirira. Mwini wake ayenera kugula oyilo wa mulingo wolembedwa m'buku la galimotoyo, wosindikizidwa bwino, n'kumasintha msanga pamodzi ndi sefa yake, makamaka ngati amayenda m'fumbi.

Chizolowezi china chosalira ndalama: akakwera chitunda chachitali, asazimitse injini nthawi yomweyo. Aisiye ikulira payokha mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo apitirize kuyenda n'kuziziritsa turbo. Ambiri amafika pamsika, kuzimitsa, n'kuthamangira makasitomala, oyilo n'kumapsera mkati. M'mawa nako asapondereze injini isanatenthe.

Mafuta a m'zigubu ndi mdani wina. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ameneyo injini zimamulandira. Koma wa pamsika wakuda palibe amene amadziwa chomwe chathiridwamo. Petulo wosakaniza ndi palafini amaphulika nthawi isanakwane mu injini, ndipo injini ya turbo, yomwe mkati mwake ndi mopanikizika kale, ndi yomwe imayamba kuvulala.

Mphamvu zomwe zidangotayika

Galimoto zambiri zomwe eni ake akuzifunira turbo sizikusowa mphamvu zatsopano. Zidataya zomwe zinali nazo, ndipo kuzibweza n'kotchipa.

Poyambira ndi sefa ya mpweya. M'misewu yafumbi ya ku Ntchisi m'chilimwe, sefa imatsekeka m'masabata ochepa, ndipo injini yomwe ikuvutika kale ndi mpweya wopepuka imakhala ngati munthu wothamanga atatseka mphuno. Ena amangoichotsa n'kumayenda popanda, galimoto n'kuoneka ngati yapeza mphamvu, koma fumbi lolowalo limapala mkati mwa injini ngati sandipepa, ndipo pakapita miyezi imayamba kudya oyilo. Ena amaipopera mpweya wamphamvu mpaka kuibowola. Sefa yatsopano ndi imodzi mwa masipeya otsika mtengo kwambiri pagalimoto.

Kenaka mapulagi ndi makoyilo. Injini ya masilinda anayi yomwe imodzi ikuphonya yataya gawo limodzi mwa anayi a mphamvu zake, ndipo Passo ya masilinda atatu ikaphonya imodzi imatsala ndi awiri okha. Pali klatchi yoterereka, yomwe imadziwika injini ikamakuwa koma liwiro osakwera. Pali mabuleki ogwira okha, omwe amazindikirika pokhudza limu ya tayala pambuyo pa ulendo: imodzi ikatentha kuposa zinzake, galimoto yakhala ikulimbana ndi buleki yake yomwe. Pali matayala osapopa mokwanira, paipi ya utsi yotsekeka kapena yophwanyika ndi miyala, sefa ya mafuta yakuda, ndi ladiyeta yodzadza matope chifukwa chothiramo madzi a pachitsime. Makaniko wokhala ndi kamakina kowerengera kompyuta ya galimoto atha kupeza zambiri mwa izi m'mphindi zochepa. Nyali ya check engine yomwe ambiri amaimata ndi tepi kapena kuichotsa babu ndiyo imakhala ikunena komwe mphamvu zapita.

Kayendetsedwe nako kali ndi gawo. Dalaivala amene amadikira kuti galimoto ifooke kaye asanatsitse giya amataya liwiro lomwe sangalipezenso. Giya imatsitsidwa chitunda chisanalume. Pa otomatiki pali zilembo za L, 2, S kapena B zomwe ambiri sazikhudza chigulire galimoto, pomwe zidaikidwira malo ngati amenewa. Eyakoni nayo imadya gawo la mphamvu, ndipo pa injini yaing'ono kuizimitsa pachitunda kumathandiza.

Potsika ndi pomwe pali imfa

Chitunda chilichonse chili ndi mtsetse wake. Wokwera kuchokera ku Salima ndi mpunga amatsikanso ndi chimanga kapena mbatata, ndipo apa turbo kapena nitrous sizithandiza chilichonse. Galimoto yolemedwa kawiri imafuna kuti mabuleki ake ameze kutentha kochuluka kuposa komwe adapangidwira. Dalaivala akatsika mtsetse wautali phazi lili pabuleki, mapadi amatentha n'kuyamba kuterereka, mafuta a buleki amawira, ndipo phazi limangolowa pansi popanda chogwira. Oopsa kwambiri ndi aja amaika galimoto pa fili kapena kuzimitsa injini potsika ati kupulumutsa mafuta. Injini ikazima, chothandizira mabuleki chimatha mphamvu akangoponda kawiri kapena katatu, ndipo chiwongolero chimalimba. Giya yomwe galimoto imakwerera chitunda ndi yomwe iyenera kutsikira.

Injini yofooka, ngakhale imakwiyitsa, imakhala ngati mlonda: imakaniza mwini wake kukweza katundu wopitirira pamenepo. Kuionjezera mphamvu osakhudza mabuleki, masipuling'i ndi matayala ndi kuchotsa mlondayo. Ena amaonjezera masipuling'i kuti kumbuyo kusakhale pansi ndipo apolisi a pamsewu asaone kulemera, koma kutero kumangobisa vutolo. Mabuleki ndi ma bearing amakhala omwe aja.

Palinso mbali ya mapepala. Galimoto imalembetsedwa ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ndi nambala ya injini yake, ndipo imayenera kupimidwa kuti ipeze COF. Wosintha injini kapena kuikapo zina zazikulu ayenera kuyamba wafunsa kunthambiyo ndi ku kampani yake ya inshuwalansi. Makampani a inshuwalansi amayang'ana ngati galimoto inali mmene idalembetsedwera komanso ngati sidanyamule mopyola, ndipo ngozi ikachitika zimenezi ndi zomwe amayamba kufufuza asanalipire.

Masamu a maulendo awiri amaoneka owawa chifukwa mafuta ake amaoneka tsiku lomwelo, pomwe kuonongeka kwa klatchi, mashoko ndi matayala kumabwera mochedwa n'kuoneka ngati tsoka chabe. Wamalonda amene amalemba m'kabuku ndalama zonse zokonzetsera galimoto kwa miyezi isanu ndi umodzi, n'kuzigawa ndi chiwerengero cha matumba omwe wanyamula, ndi yekhayo amene angadziwe mtengo weniweni wa thumba lililonse loonjezera. Ambiri salemba, n'chifukwa chake amaona ngati akupindula mpaka tsiku lomwe giyabokosi yakana pa Chezi, nsomba zili m'galimoto.

Kwa amene waganizabe zogula ya turbo yochokera kufakitale, ayione m'mawa injini isanalizidwe. Utsi wabuluu poliza kapena poponda mafuta ndi chizindikiro choti oyilo akudutsa mu turbo kapena m'mapisitoni. Atsegule chotsekera oyilo n'kusuzumira: phala lakuda lomata likusonyeza kuti mwini wakale sankasintha oyilo. Makaniko achotse paipi yolowetsa mpweya ku turbo n'kugwedeza kachipupako ndi chala. Kakamagwedera kwambiri kapena kukhudza m'mbali, turbo ili pafupi kutha, ndipo mtengo wa ina uyenera kuchotsedwa pa mtengo wa galimotoyo. Kulira kokhala ngati sailini injini ikamakoka ndi chenjezo lomwelo. Ndipo asayesere galimotoyo pamsewu wosalala wa mumzinda ili yopanda kanthu. Aikemo matumba asanu ndi awiri, apite nayo pachitunda chomwe azidutsa sabata iliyonse, diso lili pa geji ya kutentha kwa injini kuyambira pansi mpaka pamwamba.